Kusunga Mphete, Mikanda ndi Mphande Kuti Mbala Zisabe

Madzulo ano tikambirane za tinthu tating'ono timene tingakwane m'dzanja limodzi, koma mtengo wace uposa wa njinga: mphete ya ukwati, ndolo za golidi, makoza, mikanda ya agogo, ndi mphande. Ana a masiku ano ambiri saidziwa mphande. Ndico cigoba coyera ca nkhono ya m'nyanja yamcere, cosemedwa mozungulira, cimene mafumu anali kubvala pakhosi. M'caka ca 1854 Mfumu Shinde ya Alunda inapatsa David Livingstone mphande imodzi monga mphatso yaulemu, ndipo iye analemba kuti mphande zisanu zinali kugula mnyanga wa njobvu. Banja limene likali nayo ikabedwa, ngakhale liyende m'masitolo onse a mu Cairo Road, silidzapeza yina yolowa m'malo mwace.

Tiyambe taona macitidwe a mbala. Ikathyola nyumba siikhalitsa, pakuti iopa kupezedwa. Ilunjika ku cipinda cogona eni nyumba, nitsegula kabati, nikhuthula madirowa, nitukula matiresi, nikoka sutukesi ya kunsi kwa kama. Tsono taganizani, kodi si malo omwewo amene tonsefe tibisamo zinthu zathu? Ndipo kabokosi kokongola kaja kokhala patsogolo pa kalirole kathandiza mbala koposa, cifukwa mwini wace waisonkhanitsira zonse pamodzi kuti ingonyamula.

Cotero musaike zonse pamalo amodzi. Zobvala masiku onse zikhale m'kabokosiko. Za mtengo wapatali, ndi zimene anakusiyirani makolo, zicoke m'cipinda cogona, zikakhale pamalo pamene munthu sangafike msanga popanda makwerero kapena cipangizo. Malowo sindiwachula pano, pakuti mbala nazonso ziri ndi mawailesi. Koma cenjerani ndi udzu wa denga, umene ukapsa mikanda ionongeka, ndiponso thumba la jekete lakale, limene tsiku lina mudzapatsa mlendo mutaiwala. Uzani munthu mmodzi wokhulupirika pamene mwabisa. Nkhalamba ikamwalira osanena, cuma cace citayika monga ngati cabedwa.

Ena agula bokosi lacitsulo lokhoma. Ncabwino, koma likhale lomangiriridwa ku khoma kapena pa simenti ndi mabauti. Likangoikidwa m'kabati, anthu awiri alinyamula nakaliphwanyira kuthengo mosafulumira. Mfungulo yace isagone m'cipinda comweco. Mabanki ena amabwereketsa timabokosi totere m'nyumba zao, kulipira pa caka. Amene ali ndi cinthu cobvala kamodzi pa caka, pa ukwati pokha, afunse ku banki yace.

Komatu cimene cifunika kusamala kopambana ndico pakamwa. Kawirikawiri mbala siingolowa mwangozi, imayamba yamva. Mai abvala golidi wace pa cilanga mulilo, nanena mtengo wace pamaso pa anthu makumi asanu, mawa mwana aika cithunzi pa Facebook, ndipo sabata yamawa alengeza kuti banja lonse lapita ku maliro ku Petauke. Pamenepo mbala yadziwa cimene ciri m'nyumba, ndi masiku amene m'nyumbamo mulibe munthu. Mukacoka, uzani mnansi mmodzi yekha, makamaka mupeze mbale wogona m'nyumba ndi kuyatsa nyali usiku. Maliro akagwa panyumba panu pomwe, khomani zinthuzi anthu asanadzaze, cifukwa pa cisoni palibe amene ayang'ana wolowa ndi woturuka. Kutero sikunyoza olira ai. Kuteteza ndithu wanchito wa m'nyumba, amene amayamba kunamiziridwa cinthu cikasowa, ngakhale palibe umboni.

Tsono tinene kuti mbala yalowa ndithu. Golidi asungunuka pa kutentha kwa madigiri 1,064, ndipo wosula ali yense wokhala ndi moto wa gasi afikapo. Mphete ikasanduka kamphumphu, palibenso angaizindikire, ngakhale mwini wace. Cifukwa cace apolisi afunika kudziwa msanga, ndipo afunika mau oposa akuti "mphete yacikasu". Lero lomwe tengani mphete yanu, muyang'ane m'kati mwace. Zambiri ziri ndi manambala ang'onoang'ono osonyeza magawo a golidi weniweni mwa magawo 1,000. Nambala 375 ndiyo makarati 9, 585 makarati 14, 750 makarati 18, ndipo 916 makarati 22. Pa siliva wabwino mupeza 925. Lembani nambalayo, pamodzi ndi dzina kapena tsiku lozokotedwapo, ndi cilema ciri conse, monga pokanda kapena mwala wosweka. Pemphani wosula akupimireni kulemera kwace m'magalamu. Jambulani cinthu ciri conse pacokha, citagona pambali pa rula, ndipo sungani malisiti.

Zithunzizo zisangokhala m'foni, popeza foni imapita ndi mbala yomweyo. Zisindikizeni pa pepala, mukasungitse kwa mbale wa kunyumba yina. Mukapeza citseko cothyoledwa musayambe kukonza m'nyumba kapena kugwiragwira madirowa, mungafafanize zidindo za zala. Itanani apolisi, ndipo pokalemba mlandu mutenge mapepala aja.