Mbatatesi ndi Mazira pa Ciwaya

Munthu wocoka ku Chipata kunka ku Mfuwe, m'cigwa ca Luangwa, amapeza misasa imene alendo odzaona nyama amagonamo. Misasa yotere inayamba m'dziko la Mfumu Nsefu, imene inapangana ndi Norman Carr m'caka ca 1950. Munthu woyenda pansi m'thengo afuna mfisulo wokhalitsa m'mimba, ndipo mbatatesi yokazinga pamodzi ndi mazira ndiyo mfisulo wotere. Inunso mukhoza kuuphika pogona kumsasa wa kumunda kapena paulendo.

Mbatatesi siinayambire kuno ai. Kwao ndi ku mapiri a Andes, m'maiko a Peru ndi Bolivia, ndipo anthu a ku Spain anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Imakonda malo ozizira, monga mapiri a Dedza ndi Ntcheu m'Malawi. Pogula ku msika wa Kapata sankhani yolimba. Mukaona yobiriwira khungu kapena yophuka, cenjerani, pakuti m'malo obiriwirawo muli ululu umene sutha ndi moto. Sengani pobiriwira ponse. Ikakhala yobiriwira kwambiri, itayeni. Mazira muwayese m'madzi: dzira latsopano limamira, koma lokhalitsa limayandama.

Ciwaya ndi citsulo cotambalala cimene timasanjika pa mafuwa atatu. Cokhuthala ndico cabwino, cifukwa cimasunga kutentha. Musaphike pa malawi, pakuti malawi amapsereza kunja kwa cakudya m'kati muli mwauwisi. Dikirani nkhuni zisanduke makala. Nkhuni za tsanya, mtengo wocuruka m'cigwa ca Luangwa, zimapatsa makala osazima msanga. Kankhirani makala ambiri mbali imodzi, kuti ciwaya cikhale ndi mbali yotentha kwambiri ndi mbali yofunda cabe.

Tsono nzeru yaikuru ya nchito iyi nayi: mbatatesi imacedwa kupsa, dzira limapsa msanga. Mbatatesi yoduladula ifuna mphindi 15 kapena 20 kuti ifewe kufikira pakati. Coyera ca dzira cimalimba pa madigiri ngati 65, kutentha kosafika pa 100 pamene madzi amawira. Wozithira nthawi imodzi adzadya mazira opserera ndi mbatatesi yaiwisi.

Anthu anai afuna mbatatesi zazikuru 6, mazira 4, anyezi mmodzi, mcere ndi mafuta a nsawa kapena a mpendadzuwa. Sambani m'manja, musende mbatatesi ndi kuidula tizidutswa tolingana, tonga nsonga ya cala cacikuru. Muitsuke ndi kuipukuta, pakuti madzi akagwera m'mafuta otentha amathetheka naoca wophika. Mafuta akatentha, yalani mbatatesi pa mbali yotentha, yosaunjikana. Musafulumire kutembenuza, kuona maso a nkhono nkudekha. Pansi pakafiira tembenuzani, ndipo ikayamba kufewa thirani anyezi ndi mcere. Mpeni ukalowa m'cidutswa mosabvuta, yapsa.

Pamenepo sunthirani mbatatesi ku mbali yofunda, nimukumbe timaenje tinai pakati pace. Dzira liri lonse muyambe mwaliswera m'kambale palokha, kuti lobvunda lisaononge cakudya conse, ndipo mulitsanulire m'kadzenje. Bvundikirani ndi mbale yacitsulo kufikira coyera ndi cacikasu zonse zalimba, cifukwa dzira losapsa likhoza kutsegula m'mimba. Mbatatesi idzakupatsani mphamvu za kuyenda, ndipo mazira amamanga thupi.

Mutatha kudya nchito siinathe. Pukutani ciwaya cikali cofunda ndi kucipaka timafuta kuti cisacite dzimbiri. Makala muwathire madzi ndi kuwakwirira ndi dothi. M'miyezi ya September ndi October udzu umakhala wouma gwa, ndipo khala limodzi losiyidwa pamsasa likhoza kutentha chire, nkhokwe ndi nyumba za anthu.

Mafunso

1. Cifukwa ninji timayamba kukazinga mbatatesi tisanathire mazira?
2. Kodi dzira latsopano timalidziwa bwanji?
3. Chulani zinthu ziwiri zoyenera kucita musanacoke pamsasa.