Mosi-oa-Tunya ili pakhomo, nanga tidikira ciani?

Alendo ocokera ku Germany ndi ku Britain amakonza ulendo wa ku Livingstone kukali miyezi, koma ambiri a ife a ku Maramba ndi ku Dambwa timangoona utsi wa mathithi capatali. Timati ndi za azungu izo. Ine ndikana, cifukwa ulendo wa tsiku limodzi utheka ngakhale popanda kubuka takisi.

Yambani m'mawa ku Livingstone Museum, yomwe yakhalapo kucokera mu 1934. Muli makalata ndi katundu wa David Livingstone. Mukatuluka, kwerani minibasi ya ku boda. Mathithi ali pa makilomita 10 cabe. Musaiwale reji, cifukwa pageti nzika za Zambia zimalipira zocepa kuposa alendo akunja.

Sankhaninso mwezi bwino. Mu Epulo madzi amakhala ambiri, ndipo pa Knife-Edge Bridge mudzanyowa thupi lonse, conco foni ikhale m'pulasitiki. Mu Okutobala mbali yathu imatsala miyala yokhayokha malo ambiri. Ndiyo nthawi ya Devil's Pool, koma kumeneko sakupita munthu popanda gaidi.

Ndalama za gaidi musaziumire mukafuna kuona zipembere mu Mosi-oa-Tunya National Park, pakuti amayenda nanu pamodzi ndi asikauti a mfuti. Sonkhanani gulu, ndipo mumvane mtengo musananyamuke.

Manje cenjezo langa ndi ili: cakudya bisani m'cola, anyani a kumathithi amalanda. Ndipo bwererani kusanade, cifukwa njovu zimadutsa mumsewu uja.