Mkhristu wa Bunyan ndi Nsingo wa Mpezeni: mwana timpatse uti?

Mlongo wanga anandiimbira foni ali ku Chipata, atangogulitsa nshawa zake. “Achimwene, yatsalayi ndi ya buku limodzi basi. Ndimugulire lotani mphwanuyu, la za Mulungu kapena la zakale?” Mwanayo ali mu giredi 6 kuno ku Kasenengwa, ndipo wafika pa msinkhu wowerenga chilichonse, ngakhale zolemba za pa thumba la feteleza. Ndinayankha mothamanga kuti agule chimene achipeze, koma funsolo linandigona m'mutu mpaka nyengo yokolola itatha.

Papepala, nkhani ya chikhulupiriro ndiyo yachisamba kuno kwathu. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anamanga misasa pa Magwero mu 1899, nafika pa Madzimoyo mu 1903, ndipo Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922. Amene anaphunzitsa agogo athu a, e, i, o, u ndi omwewo amene anali ndi makina osindikizira mabuku. N'chifukwa chake mlendo wa ku England, John Bunyan, anatipeza msanga. Buku lake la mu 1678, limene analiyamba ali m'ndende ku Bedford, ife timalidziwa kuti Ulendo wa Mkhristu. Munthu athawa mumzinda woti uwonongedwa, chikatundu chili kumsana, amira m'thope, atsekeredwa ndi chimphona, ndipo potsiriza awoloka mtsinje n'kulowa mumzinda wa Mfumu.

Mwana savutika nayo nkhani yotere. Katundu wa kumsana amaudziwa, poti amasenza chimanga kupita kuchigayo. Thope la mu February amalidziwanso. Munthu aliyense m'bukumo dzina lake ndi khalidwe lake lomwe, choncho mwana sasokonezeka kuti wabwino ndani, woipa ndani. Ena amanyoza zimenezi, amati n'zophweka mopitirira. Ine sindinyoza. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene mayi ake ali gone m'chipatala amafuna nkhani imene mapeto ake ndi odziwika, ndipo nthano za kalulu za pamoto zinkagwiranso ntchito yomweyo. Mwana akagona atamva kuti woyenda uja anafika, amagona tulo.

Nkhani ya zakale ilibe chifundo chotero. Tengani ya Nsingo, imene mwana aliyense wa kuno amaimva pang'onopang'ono ukamayandikira mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa masana. Mwana wake Mpezeni anadzakhazikika kuno. Kenaka kunabwera Mjeremani wina, Carl Wiese, amene anatenga pepala la chilolezo kwa mfumu, ndipo pepalalo linagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inkakhulupirira kuti pansi pa dziko la Angoni pali golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anakana zimenezi. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anachokera ku Nyasaland ndi mfuti za chiwaya, anyamata a zishango ndi mikondo anagwa ngati mapesi, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinatengedwa. Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu February chaka chomwecho. Golide wochuluka uja sanapezeke n'komwe. Pamalo pa ufumu panamera boma la Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata, ndipo Nc'wala inazima mpaka 1980.

Mwa Bunyan mulinso munthu wophedwa chifukwa chokana kugonja. Mnzake wa Mkhristu, munthu wokhulupirika, aweruzidwa mwachinyengo pamsika wa zachabe n'kutenthedwa. Koma wolemba sakusiya ukulira, galeta likudikira kuseri kwa khamu, ndipo limunyamula kupita naye kumwamba wowerenga akuona. Imfa ziwirizi ndinaziika pamodzi usiku wina, mphwanga uja atabwera kudzagona kwathu. Tinali pakhonde, kanyali ka sola kali pampando, tikutongola chimanga m'lichero. Nditamaliza ya Nsingo, anasiya chitsononkho m'manja.

“Amalume, ndiye galeta la Nsingo linabwera?”

Ndinati mbiri sinena za galeta.

“Nanga analakwa chiyani? Dziko silinali lawo?”

Apa ndiye pagona kusiyana kwenikweni. Nkhani ya chikhulupiriro imamuyankha mwana asanafunse. Ya mbiri imamusiya ndi funso m'kamwa, ndipo wamkulu amene ali pafupi ayenera kutuluka thukuta. Makolo ambiri timathawira ku buku la kutchalitchi chifukwa cha thukuta limeneli, ngakhale sitivomera. Buku lija limalera lokha, ungathe kumupatsa mwana iwe n'kupita kudimba. La mbiri limafuna ukhale pompo.

Ndipo thukutalo silithera pa azungu. Kalasi ya ku Kasenengwa ili ndi a Jere ndi a Phiri pa desiki limodzi. Angoni amene tikuwalira mu 1898 ndi omwewo amene zaka za m'mbuyomo ankathira nkhondo midzi ya Achewa ndi Ansenga, kutenga anthu ndi ziweto, mpaka ena kukabisala m'mapiri ndi m'malinga. Umboni uli pakamwa pathu pomwe: Chingoni cha kuno n'chodzala ndi Chinsenga, chifukwa ana ankayamwa chinenero cha amayi awo otengedwa kunkhondo. Ngwazi ya mwana uyu ndi chilombo cha m'nthano za agogo a mwana uyo. Mwezi wa February timavina ingoma ku Mtenguleni, mwezi wa August tili ku Mkaika kukalambira Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba, ndipo mabanja ambiri amapita konse kuwiri. Nkhani ya mbiri yolembedwa bwino imamuphunzitsa mwana kunyamula zonse ziwiri osagwetsa chimodzi. Yolembedwa moipa imangokhala nyimbo yotamanda mtundu, ndipo imeneyo ndi yoopsa kuposa ulaliki wotopetsa, poti ulaliki umangomugonetsa mwana pomwe inayo imamupatsa mdani.

Amishoni nawo ankadziwa kuti mitundu iwiriyi ya nkhani silemera mofanana. Ku Lesotho, Thomas Mofolo analemba nkhani ya mnyamata wofunafuna Mulungu, Moeti oa Bochabela, ndipo a mishoni ya Morija anaisindikiza mu 1907. Atalemba Chaka, nkhani ya mfumu imene makolo a Angoni anaithawa, bukulo linakhala zaka zambiri osatuluka, mpaka 1925. Lero dziko limamukumbuka Mofolo chifukwa cha Chaka.

M'chinenero chathu amene anayesa kukwatitsa ziwirizi ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Buku lake Nthondo, la mu 1933, linapambana mpikisano wa zolemba m'zinenero za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Limatsata munthu kuyambira kubadwa kwake m'mudzi wa Achewa, unyamata wake wosamva, ulendo wake wokafuna ntchito, ufumu wake, mpaka kutembenuka mtima. Chimene chimandikoka ine ndi mudziwo: miyambo, milandu, maliro, kalankhulidwe ka akuluakulu. Ntara ankaudziwa mudzi ngati chikhatho chake. Pofika kumapeto, pamene munthuyo alandira Chikhristu, ndimamva ngati wolemba wayamba kuyenda mofulumira, monga mwana wotumidwa amene wakumbukira kuti akumudikira kumishoni. Komabe mwana wa giredi 7 akawerenga Nthondo amapeza zonse ziwiri m'mbale imodzi, ndipo amaona kuti anthu akale sanali zithunzi za mdima zongodikira nyali. Ntara yemweyo analembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Dowa imene inaona nthawi ya nkhondo za Angoni ndi kufika kwa amishoni.

Pali chinthu china chimene sitichitchula kawirikawiri, ndicho kupezeka kwa mabukuwo. Timabuku ta chikhulupiriro timafika tokha pakhomo. Ena amagawa ulere, ena amagulitsa motchipa pakhomo la tchalitchi, ndipo Sande sukulu imabwereza nkhani ya Yosefe ndi ya Davide chaka ndi chaka. Mwana wa ku Chiparamba angathe kukuuza mayina a abale ake a Yosefe, koma mufunse kuti Nsingo anali mwana wa yani, ayamba kukanda m'mutu. Nkhani zathu zakale zambiri zikadali m'kamwa mwa okalamba, ndipo maliro aliwonse a nkhalamba amapita nazo zina. Mpikisano wake ndi wa munthu wokwera njinga ndi woyenda pansi.

Sindikunena kuti buku la chikhulupiriro lichoke m'nyumba. Ine ndemwe ndinaphunzira kukonda kuwerenga chifukwa cha Yosefe m'dzenje, ndipo nkhani imeneyo ili ndi nsanje, bodza ndi misozi zokwanira buku lililonse la mbiri. Kwa mwana wosafika zaka khumi, ndingayambe ndi imeneyo, kenaka Bunyan wofupikitsidwa, poti wathunthu ali ndi makambirano aatali amene ngakhale mkulu wa mpingo amawodzera nawo. Chongoyenera kusamala ndi timabuku tija timene mwana womvera amalemera pa tsamba lomaliza ndipo wosamvera amagundidwa ndi galimoto. Mwana wa kumudzi amaona yekha kuti moyo suyenda choncho, ndipo akazindikira kuti kabuku kamunamiza amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

Koma akafika zaka khumi ndi ziwiri, ndalama ikakhala ya buku limodzi, ine ndimati igule la zakale. La Mulungu alipeza ndithu, tchalitchi sichimusiya. La mbiri likapanda kugulidwa ndi kholo, palibe wina amene adzamugulire. Mlongo wanga tsiku lija anabwera ndi kabuku ka nkhani za m'Baibulo, poti ndi kamene anakapeza pafupi ndi siteshoni ya basi, ndipo mwana anakamaliza masiku atatu. Tsopano ndamulonjeza mphwangayo kuti tikagulitsa soya tidzakwera galimoto mpaka ku Feni, akaone yekha nyumba yosungiramo zakale yotchedwa dzina la Nsingo. Inu amene muli ndi agogo amoyo pamudzi, mutumeni mwana akakhale nawo madzulo ano, atenge kope ndi pensulo.