Tambala wathu anafera "however"

Ndinaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri m'sukulu za m'boma la Chiradzulu, ndipo chipumireni pa ntchito ndasanduka wowerengera anthu makalata kwathu kuno ku Namitambo. Amabwera ndi makalata a ngongole, a kukhoti, ena mauthenga a pa foni. Ambiri mwa iwo Chingerezi amachimva ndithu. Chimene chimawagwetsa ndi timawu tina timene maso amangotidumpha.

Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene anakhoza bwino MSCE, anakayesedwa ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ku Limbe. Patatha milungu itatu yankho linafika pa foni. Anangowerenga mizere iwiri yoyamba, yonena kuti mabwana anasangalala naye ndiponso kuti anayankha mafunso mwanzeru, basi n'kuyamba kudumpha. Mayi ake analiza nthungululu, tambala n'kuphedwa, ine n'kuitanidwa kuti ndikadye nawo.

"Amalume, tadziwerengerani nokha," anatero akundipatsira foni. Mzere wachitatu unayamba ndi "However". Ndinayang'ana mphika uli pamoto, ndinayang'ananso mwanayo, malovu n'kuuma m'kamwa. Ntchitoyo anali atapatsa wina.

"However" ndi "komabe" wathu yemweyu. Abale ake ndi "but", "yet" ndi "nevertheless". Onsewa amagwira ntchito imodzi: zimene zanenedwa poyamba ndi zoona, koma zolemera ndi zimene zikubwera pambuyo. Mawu okoma a koyambirira aja ndi mphasa chabe yoyalira mlendo asanauzidwe uthenga.

Chondidabwitsa n'chakuti m'Chichewa palibe amene amapusitsidwa nazo zimenezi. Pabwalo la milandu, mfumu ikayamba kukuyamika kuti ndiwe munthu waulemu, sunayambanepo ndi aliyense m'mudzi muno, wamkulu aliyense amadziwiratu kuti kukubwera "koma", ndipo mbuzi ulipira ndiwe. Khutu lathu limamudikira "koma" ameneyu. Koma tikafika pa Chingerezi timatola mawu amene tikuwadziwa, monga "pleased" ndi "successful", n'kusiya kamene kagwira chiwongolero.

"Although" ndiye amasokoneza kwambiri, chifukwa iye amakhala mbali inayo. Ndi "ngakhale" wathu. Chiganizo chimene chamatirira kwa iye ndi chimene wolembayo akungovomereza, pamene chigamulo chili m'chigawo chinacho. Namondwe Freddy atasakaza boma lathu mu March 2023, bambo wina wa ku Thumbwe anandipeza ndi kalata yochokera kumene anatenga ngongole ya feteleza. Inayamba ndi "Although your payment is overdue". Iye ataona "overdue" sanapitirize. Anali atagwirizana kale mtengo ndi wogula mbuzi zake ziwiri, poopa kuti amulanda malata. Chikhalirecho kalatayo inkati ngakhale wachedwa kubweza, amuwonjezera miyezi itatu chifukwa cha tsokalo. Mbuzi zija zinapulumukira pa khonde panga.

Choncho "however" ukamuona uziwerenga zimene zili kutsogolo kwake mosamala, pamene "although" ukamuona usathamangire kulira kapena kuseka mpaka utadutsa mpumiro.

Pano ndiyenera kuvomera mlandu wanga. Ife aphunzitsi timawu timeneti tinkatiphunzitsa ngati zodzazira mipata pa mayeso a MANEB. Ndinatha choko chambiri kuletsa ana kulemba "although" ndi "but" m'chiganizo chimodzi. Anawo sankalakwa mwaumbuli ayi. M'Chichewa timanena bwinobwino kuti "ngakhale mvula inagwa, koma chimanga sichinabereke", ndipo palibe amene amatsinya nkhope. Chingerezi chimafuna mmodzi yekha mwa awiriwo. Ndinkawakalipiranso akalemba "despite of", pakuti "of" ndi wa "in spite of", pamene "despite" amayenda yekha, motsatidwa ndi dzina la chinthu, monga "despite the rain". Zonsezi n'zofunika, poti wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Koma sindikukumbukira tsiku ngakhale limodzi limene ndinabweretsa kalata yeniyeni m'kalasi n'kufunsa kuti, "Ana inu, munthuyu wamulemba ntchito kapena wamukana?"

Aphunzitsi amene mudakali pa bolodi, yesani zimenezo. Muwaonetsenso "notwithstanding", chimphona chimene chimabisala m'mapangano a ngongole ndi a malo. Chimatanthauza kuti ndime imeneyo ipambana zina zimene zalembedwa kwina, ngakhale zikhale zokomera iwe. Amene akusaina pepala la munda ayenera kuima pamenepo n'kufunsa.

Tambala uja tinadya ndithu, pakuti anali atapsa kale. Mtsikanayo anadya pang'ono n'kukalowa m'nyumba. Mchemwali wanga sanandilankhule mpaka m'mawa mwake, ngati kalatayo ndinalemba ndine.