Tsiku Limene Mneneri Anathawa

Kaya muli kumunda ndi kawailesi kanu, kaya muli pabedi m'chipatala, tsegulani Baibulo pa 1 Mafumu chaputala 19. Lero tikambirane za mantha.

Ndinene poyera kuti kuchita mantha si tchimo. Mukaona njoka panjira mtima umagunda, thukuta limatuluka, miyendo imafuna kuthawa. Ndi mmene Mulungu anatilengera kuti tidzipulumutse. Munthu wosaopa ng'ona mumtsinje wa Shire si wachikhulupiriro ayi, ndi wopusa. Amene ndikulimbana nawo lero ndi mantha otsalira njoka itapita kale, okusowetsani tulo, okuuzani kopita ndi kosapita.

Taonani Eliya. Paphiri la Karimeli anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, moto nkutsika kumwamba. Aleluya! Koma Yezebeli atangotumiza uthenga woti pofika mawa amupha, munthu wa Mulungu uja analiyatsa liwiro mpaka ku Beereseba. Mwamva? Yezebeli sanatumize asilikali. Anatumiza mawu okha. Ambirife chimene chikutizunza si chinthu chimene chachitika, koma uthenga wa mawa: wakatapila abwera mawa, kadzidzi walira padenga, wachibale wanena kuti uona.

Atafika ku Beereseba, Eliya anasiya mnyamata wake nalowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu, nkupempha imfa. Mantha amatero, abale anga. Amayamba akulekanitsani ndi anthu. Foni mumazimitsa, kutchalitchi mumasiya, ngakhale amene mumagona nawo nyumba imodzi simuwauza.

Tsono Mulungu anachita chiyani? Apa ndi pamene pamandikhudza ine. Sanamukalipire. Sanamulamule kusala kudya. Mngelo anamudzutsa nkumupatsa mkate ndi madzi, Eliya anagonanso, mngelo nkumudyetsanso kachiwiri. Ife Apentekoste timafulumira kudzudzula chiwanda, pamene nthawi zina munthuyo watha masiku atatu osagona, osadya. Thupi lotopa limakulitsa mantha. Idyani, gonani, ndipo ngati mtima ukungothamanga masiku ambiri, kapimitseni kuchipatala.

Paphiri la Horebu Mulungu anamufunsa chimene ankachita kumeneko. Eliya anatchula mantha ake ndi pakamwa, nadandaula kuti watsala yekha. Koma kunali anthu 7,000 osagwadira Baala. Masamu a munthu wamantha amakhala olakwika. Nchifukwa chake mufunika kuwatchula manthawo pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa munthu wokhwima, kuti wina akuwerengereni bwino. Kenako Mulungu anamubweza njira yomweyo, nkumupatsa ntchito, kuphatikizapo yodzoza Elisa.

Mayi wina womvera pologalamu ino anandiimbira foni usiku. Amuna awo anamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo kwa zaka ziwiri mayiwo ankaopa kukayezetsa magazi. Akatsokomola pang'ono, ankayamba kuganiza za amene adzalere ana. Anati, "Abusa, mundipempherere kuti ndisapezeke nako." Ndinati, "Mayi, ndipemphera, koma Lolemba mupite, ndipo musapite nokha." Amayi busa anawaperekeza. Anawapeza nako kachilombo, analira, nkuyamba kumwa ma ARV. Patapita mwezi anandiuza kuti usiku wa Lolemba lomwelo, koyamba pa zaka ziwiri, anagona mpaka tambala kulira.