Lenzi yaitali sigwira mbozi

Masiku ano ana athu akamabwera kuchokera ku Joni, ena amanyamula kamera yogula kwa munthu, ija yoti galasi lakutsogolo limachoka n'kuikapo lina. Galasi limenelo ajambuli amati lenzi. Kamera popanda lenzi ndi mpini wopanda khasu, ndiye m'makalabu a alimi ndi a madamu a nsomba funso limabwera ndithu: tikasonkha ndalama, tigule lenzi iti?

Achinyamata amathamangira yaitali ija yolembedwa 70-300mm, poti ukaikoleka m'khosi pa msika wa Limbuli anthu amati kwabwera mtolankhani. Ife tikuti dikirani kaye, abale ndi alongo. Manambalawo ali ndi tanthauzo. Nambala yaing'ono, ngati 18, imatenga malo aakulu: munda wonse wa tiyi, damu lonse, kapena mamembala onse atakhala pansi pa mango. Nambala yaikulu, ngati 300, imakoka zakutali, mpaka miyala ya pamwamba pa phiri la Mulanje n'kuoneka pafupi. Koma phiri silidya chimanga chathu.

Chimene chimadya chimanga ndi mbozi. Paja mu Disembala 2017 boma lidalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi yachilendo ija ya fall armyworm. Alangizi amaizindikira ndi zizindikiro ziwiri zazing'ono kwambiri: pamutu pali chilembo cha Y chozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi tokhala ngati ngodya za bokosi. Chithunzi chimene sichikuonetsa zimenezi, mlangizi sangakuuzeni kanthu. Mungathire mankhwala olakwika, ndalama kupita, chimanga kupitanso. N'chimodzimodzi zilonda za pakhungu la chambo, kapena mawanga a pa masamba anthete a tiyi. Lenzi yaitali ija imakana kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa mita imodzi, komanso dzanja likangonjenjemera pang'ono chithunzi chonse chimachita chimbuuzi.

Lenzi yaifupi imene imabwera ndi makamera ambiri, ya 18-55mm, anthu amainyoza kuti ndi ya ophunzira. Komatu imayandikira mpaka pafupifupi masentimita 25. Ikani pa 55, tulutsani mbozi muike pa tsamba poyera, tsamirani chigongono pa bondo, basi. Amene akufuna kuona ngakhale mazira a tizilombo ndiye afunse lenzi yotchedwa macro, koma mtengo wake ndi wowawa. Njira yotchipa ndi timphete totchedwa extension tube, tolowetsa pakati pa kamera ndi lenzi muli nayo kale. Mulibe galasi m'menemo, timangochititsa kuti muyandikire kwambiri.

Pali nambala inanso yoyamba ndi f. Iyi ndi yozondoka: ikachepa ndiye kuti khomo lolowera kuwala ndi lalikulu. Lenzi ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa ya 18-55mm mukaikokera pa 55. Kwa okolola nsomba m'bandakucha imathandiza, koma si yoyambira.

Musanatulutse ndalama, dziwani kuti pakamwa pa makamera mposiyana. Lenzi ya Nikon silowa pa Canon. Ngakhale kampani imodzi yomweyo, Canon ili ndi pakamwa pa EF pa 1987 ndi pa RF pa 2018, Nikon ili ndi F ndi Z. Osatuma munthu pa foni kuti "mundigulireko ya Canon". Kamerayo ipite nawo, lenzi ikayesedwe pomwepo.

Ndipo kuno kwathu kuli mdani amene a kuchigwa cha Shire samudandaula kwenikweni: chinyontho. Mvula yathu mukuidziwa, chiperoni chikabwera ngakhale zovala siziuma. Lenzi yosungidwa m'sutikesi imachita chuku m'kati, timizere tonga ukonde wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya galasi osachotsekanso. Pogula, chotsani zivindikiro zonse ziwiri, walitsani tochi ya foni mbali imodzi inu n'kusuzumira mbali inayo. Mukaona ukondewo, isiyeni, kaya akutsitsirani bwanji. Yanu yabwinoyo muziisunga m'chigubu chotseka bwino, muikemo timapaketi tija toyamwa chinyontho timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo muziitulutsa kukajambula ngakhale kamodzi pa sabata.