Ng'anjo Ikazizira, Adzaiyatsanso Ndani?

Pamene dziko likudzambatuka m'chaka cha usiwa, nyumba zimene zinaima zili pa mawindo n'kuyambanso kukwera, anthu ambiri amayesa kuti woyamba kusekerera ndi mmisiri wosungunula mkuwa, popeza nyumba iliyonse imafuna mpopi, loko ndi waya. Koma amene anakhalapo pafupi ndi ng'anjo amadziwa kuti nyengo imeneyi imamuzunza mwini fakitale pafupifupi mofanana ndi njala imene yangothayo. Walira mvula walira matope. Mtengo wa kopa suikidwa ku Kitwe kapena ku Limbe ayi, umaikidwa pa msika wa zitsulo wa ku London, ndipo umathamanga patsogolo pa ogula: kumapeto kwa 2008 tani imodzi inatsika kufika pansi pa madola 3,000, koma pofika February 2011 inali itapyola madola 10,000. Munthu amene anagwirizana mtengo ndi womanga nyumba mu January, nagula chitsulo ndi ndalama zapamanja mu March, nalandira malipiro ake mu June, akhoza kugwira ntchito usana ndi usiku koma chaka n'kutha ali wosauka kuposa pamene ng'anjo yake inali yozizira.

Mkuwa umene tikunena uli pawiri. Wachikasu uja wa mipopi ndi maloko, umene amisiri amati bulasi, ndi kopa wosakaniza ndi zinki, kawirikawiri magawo awiri a kopa ndi gawo limodzi la zinki. Wofiirira uja wa mabelu a tchalitchi ndi mabushi a makina, wotchedwa buronzi, ndi kopa wothira tini pang'ono. Ntchitoyi ndi yakale ngati Hiramu wa ku Turo, amene anayenga zipangizo za kachisi wa Solomo m'dothi la m'chigwa cha Yordano, ndipo chinsinsi chake sichinasinthe: chitsulo ndi cha msika, cha mmisiri ndi manja ake okha.

Ajeremani anaizindikira nkhani imeneyi kalekale. Mu mzinda wa Ulm muli kampani ya Wieland, imene inayamba mu 1820 ngati chipala choyengera mabelu, ndipo ngakhale mzindawo unaphwasulidwa ndi mabomba mu December 1944, ntchito ya mkuwa inadzukanso pamodzi ndi chuma cha dzikolo nkhondo itatha, ndipo ilipo kufikira lero. Mwambo wa mafakitale otere ndi wogawa mtengo pawiri, wa chitsulo monga uliri pa msika tsiku logwirizana, ndi wa ntchito yochiumba, kotero kuti kopa akakwera kapena kutsika, chakudya cha mmisiri sichigwedezeka. Chimene ine chimandigwira mtima kwambiri, komabe, ndi chimene anachita mu 2009, malonda atazilala padziko lonse: m'malo mothamangitsa antchito, mafakitale ambiri anachepetsa maola, boma n'kumalipira gawo la malipiro otayikawo, ndipo ogula atabwerera mu 2010 anapeza amisiri aja ali pomwepo, maso awo asanaiwale maonekedwe a mkuwa umene wapsa bwino. Yosefe anasunga tirigu ku Ejipito. Awa anasunga anthu.

Amwenye a ku Jamnagar, m'chigawo cha Gujarat, anayenda njira ina. Alibe migodi ya kopa pakhomo, koma amagula mkuwa wakutha kuchokera kumaiko akutali, naugawana m'timafakitale zikwizikwi, uyu kusungunula, uyo kukoka ndodo, winayo kusema tizipangizo ta magetsi ndi ta njinga, ndipo nyenyeswa zogwa pa makina zimasesedwa n'kubwerera m'ng'anjo. Malonda akachepa aliyense amaonda pang'ono, akabwerera onse amanenepa pamodzi.

Tsono titembenukire kwathu kuno, kumene nkhaniyi imawawa chifukwa sitinali alendo pa ntchitoyi. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi Zambezi, kumene manda akale anafukulidwa mu 1960, anapezako mipiringidzo ya kopa yopingasa ngati mtanda pamodzi ndi zida zokokera waya, umboni wakuti makolo a m'dera lino ankapanga zibangili ndi manja awo zaka mazana angapo zapitazo. Ndipo Mulungu anaipatsa Zambia zonse ziwiri zofunika pa mkuwa wachikasu, kopa ku Copperbelt ndi zinki ku Kabwe. Koma mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, n'kusiyira ana a mumzindawo fumbi la mtovu, pamene kopa, kupatula wochepa amene fakitale ya ZAMEFA ku Luanshya imasandutsa waya, amakwera malole ali mapale osaumba kupita ku madoko a Dar es Salaam ndi Durban. Mgodi wa ku Luanshya komweko unaima mtengo wa kopa utagwa, ndipo unatsegulidwanso mu 2009 m'manja mwa kampani ya ku China. Choncho chimene ife timachitcha kudzuka kwa chuma, nthawi zambiri chimangokhala kuchuluka kwa malole pamsewu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti mpopi wopangidwa ndi kopa yemweyo umabwerera kwa ife utakwera sitima kawiri.

Ku Malawi kulibe migodi yotere, koma amisiri alipo. Yendani kuseri kwa misika ya m'matauni, mudzapeza anthu akusungunula aluminiyamu pa makala, nathira m'zikombole za mchenga, natulutsa mapoto osadontha. Luso limenelo ndi msuweni wa luso la mkuwa, kungoti aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660 pamene bulasi amafuna pafupifupi 900, ndipo moto woterowo umalira mbiya yolimba, mvukuto wamphamvu ndi magetsi osathimathima. Mkuwa wakutha nawo ulipo, koma ogula zitsulo zakutha amausonkhanitsa kuti ukasungunulidwe kwina, ndipo njala yawo ndi imene imaitana akuba kukazula mipopi ya anthu ndi waya wa ESCOM usiku. Onjezanipo kugwa kwa kwacha, monga kuja kwa 44 peresenti mu November 2023, ndipo mudzaona kuti mmisiri wathu amalimbana ndi misika iwiri nthawi imodzi, wa ku London ndi wa ndalama zakunja.

Sindifuna kunamizira boma ndi akunja okha, pakuti ena mwa mabalawa tinadzitema tokha. Mmisiri wa kwathu sasiyanitsa mpamba ndi phindu, ndipo kukagwa maliro kumudzi, monga amagwera, ndalama yogulira chitsulo ndiyo imagula bokosi ndi ufa; sindimudzudzula, inenso ndikadatero, chifukwa chibale chimenecho ndicho chimamusunga iye akadwala, pamene Mjeremani amasungidwa ndi boma. Koma ng'anjo sidziwa maliro. Ndiponso luso timalibisa ngati mankhwala a mfuti, mwini wake n'kupita nalo kumanda, pamene ku Benin City, ku Nigeria, oyenga mkuwa a mumsewu wa Igun analisunga m'bungwe la mabanja awo, napitiriza ntchito ngakhale Angerezi atalanda zoumba za mfumu yawo mu 1897.

Woyenga mkuwa wa kuno safunika kuyamba ndi mabelu kapena zifanizo za kwa mfumu, pakuti ntchito yake ikumudikira pachigayo pamene bushi yadyeka, ndi pamjigo pamene amayi akhala sabata osatunga madzi. Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri ya dziko lino, unayamba kuyesedwa ku Malawi konkuno m'zaka za m'ma 1980, ndipo m'kati mwa silinda yake, pansi pa chitsime, muli mkuwa wachikasu. Koma yambiri mwa mijigo imeneyi ndi zipangizo zake timaitanitsa ku India. Tsiku limene a komiti ya mjigo wa m'mudzi mwanu adzasolole mapaipi kuti akonze, imani pafupi, mugwire silindayo m'manja, ndipo muwafunse kumene inapangidwa.